Amene ndinamusiya pa benchi

Linali Lachisanu pa 22 Okutobala 2021, kunja kukadali kotentha ngakhale dzuwa linali litalowa kale. Ndinali m'minibasi yochokera m'tauni kupita ku Area 25, nditapanikizika pakati pa mayi wina wonyamula beseni la tomato ndi mnyamata amene bondo lake linkandibaya m'nthiti minibasi ikagunda bampu. Moto wa m'foni unali utatsala pang'ono kutha. Nthawi inali 7:10, ndipo 7:30 ikangokwana chitseko chosinthira timu yanga ya Fantasy Premier League chinali kutsekedwa, chifukwa Arsenal ndi Aston Villa ankasewera 9 koloko usiku womwewo.

Timu yonse ndinali nditaikonza kale. Chinangotsala ndi kaputeni: Mohamed Salah wa Liverpool kapena Kai Havertz wa Chelsea.

Salah masiku amenewo sankagwirika. Anali atangopinda anyamata a Manchester City mmodzimmodzi n'kuchinya, kenako n'kukachitanso zomwezo kwa Watford. Koma Lamulungu ankapita ku Old Trafford, ndipo ine ndine wa Manchester United kuyambira 1999. Kumbali inayi, Romelu Lukaku ndi Timo Werner anali atavulala onse awiri mkati mwa sabata, kutanthauza kuti Havertz ndiye atsogolere Chelsea, pakwawo, polimbana ndi Norwich yomwe inali pansi penipeni pa ligi isanapambaneko ngakhale kamodzi. Ndinadziuza kuti nzeru ndi imeneyi. Kondakitala atati, "Achimwene kumbuyoko, sitinaonane," ndinali nditadina kale pa Havertz. Ndinapereka ndalama, foni n'kuzima.

Loweruka masana Chelsea inathibula Norwich 7-0. Mason Mount anachinya zitatu. Ngakhale otchinga kumbuyo, Reece James ndi Ben Chilwell, anachinya. Wa Norwich wina mpaka anadzigoletsa yekha. Pa zigoli 7 zonsezo Havertz sanachinye ngakhale chimodzi, sanapatsirenso aliyense. Anabwera ndi mapointi atatu, ukaputeni n'kuwasandutsa 6. Mawa lake Liverpool inatikwapula 5-0 pakhomo pathu, Salah n'kuchinya zitatu, n'kupatsira Naby Keïta chigoli choyamba. Mapointi 24. Amene anamupatsa ukaputeni anakolola 48. Ine ndinalira maliro awiri tsiku limodzi.

Ndikudziwa kuti ena mwa owerenga pano sasewera zimenezi, ndiye ndifotokoze mwachidule, amene mumadziwa kale mundikhululukire. Fantasy Premier League, mwachidule FPL, ndi masewera aulere a pa intaneti. Amakupatsa mapaundi 100 miliyoni ongoyerekeza, ndipo izi ndi ndalama zakunja zokhazo zimene ndinazigwirapo popanda kuima pamzere. Ndi ndalamazo umagula osewera enieni 15 a mu ligi ya ku England: magoloboyi awiri, otchinga kumbuyo asanu, apakati asanu ndi akutsogolo atatu, koma osapitirira atatu ochokera ku timu imodzi. Sabata iliyonse, kwa masabata 38, umasankha 11 oti ayambe, anayi n'kutsala pa benchi. Zimene anyamatawo achite m'bwalo lenileni ndi zimene zimakupatsa mapointi. Wakutsogolo akachinya ndi 4, wapakati 5, wotchinga kumbuyo 6. Kupatsira mnzako n'kuchinya ndi 3. Timu ikapanda kugoletsedwa, goloboyi ndi otchinga kumbuyo amalandira 4 aliyense. Kaputeni amalandira kawiri. Anthu oposa 10 miliyoni padziko lonse amachita misala imeneyi, kuphatikizapo katswiri wa chess Magnus Carlsen, amene mu Disembala 2019 anakhalako nambala wani pa onsewo.

Ife tili ndi kaligi kathu ka anthu 14, ndipo timanyozana pa gulu la WhatsApp. Muli anzanga a kuntchito, mkulu wina amene amatimeta tsitsi, msuweni wanga wa ku Joni, achimwene anga ndi akazi awo. Wotsiriza pamwezi amagula kanyenya. Palibenso mphoto ina, koma mukanaona mmene anthu akuluakulu a ndevu zawo amasowera tulo chifukwa cha mbale imodzi ya nyama ya mbuzi.

Alamu angawo ndi amene amatizunza. Ndi namwino, sasapota timu iliyonse, ndipo mpira amaonera mwa apo ndi apo. Koma chaka ndi chaka amathera pamwamba kapena pafupi ndi pamwamba. Sabata ya Havertz ija anali ndi Salah ngati kaputeni. Nditapita kwawo Lolemba kukatenga chitsulo china chomwe achimwene anandibwereka, ndinayamba kudziteteza ndisanafunsidwe n'komwe. Ndinati Havertz anali chisankho chabwino, anangosowa mwayi. Iwo akuchotsa mphika pa mbaula anati, "Alamu, mundiuze zoona. Akanakhala kuti Salah akupita kukasewera ndi Arsenal, mukanamusiya?"

Sindinayankhe. Ndinayamba kufunsa za ana.

Funso limenelo lakhala nane mpaka lero, chifukwa linalekanitsa zinthu ziwiri zimene ndinkazisakaniza. Kusankha Havertz pakokha sikunali kupusa. Anthu ambirimbiri ozindikira anachita zomwezo, ndipo timu ikachinya zigoli 7, kawirikawiri wakutsogolo wake satuluka chimanjamanja. Chimene chinali cholakwika ndi chakuti ine ndinali nditagamula kale mlandu mumtima, kenako n'kupita kukasaka mboni. Sindinkafuna kukhala pamaso pa anzanga ndikukondwera Salah akuchinya timu yanga. Nkhani ya Lukaku ndi Norwich ndinangoitola panjira kuti ndibisalemo.

Koma ukaputeni ndi nkhani imene aliyense amaikamba. Pomwe ine ndimatherapo nthawi yambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi pomwe kaligi ngati kathu kamapambanidwira, ndi pa munthu wa nambala 11. Asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi a mu timu yako amadzisankha okha. Sungagule munthu wa mapaundi 13 miliyoni kuti azikalondera benchi. Mkangano umakhala pa awiri kapena atatu otsika mtengo aja: uyu ayambe kapena uyo, otchinga kumbuyo atatu kapena anayi.

Bala langa lalikulu pa nkhaniyi ndi la pa 2 Novembala 2019. Chaka chimenecho Sheffield United inali itangokwera kumene, ndipo inali ndi mnyamata wotchedwa John Lundstram. Okonza masewerawa anamulemba ngati wotchinga kumbuyo, pa mtengo wotsikitsitsa wa 4.0 miliyoni, chonsecho m'bwalo ankasewera pakati ndipo ankathamangira m'bokosi la adani. Ambiri tinamugula ngati wongodzaza malo. Tsiku limenelo Sheffield United inkasewera ndi Burnley, ine n'kumuika woyamba pa benchi. M'malo mwake ndinayambitsa wosewera wina wapakati wa timu yayikulu, wodula bwino, amene dzina lake linali ndi kachizindikiro kachikasu kosonyeza kuti sali bwino kwenikweni. Ndinaganiza mochenjera: akapanda kusewera, Lundstram alowa yekha m'malo mwake, ndiye palibe chotaya.

Lundstram anachinya ziwiri chigawo choyamba chisanathe. Anapambana 3-0. Zigoli ziwiri ndi 12, kusagoletsedwa 4, kusewera 2, ndi mapointi atatu oonjezera amene amapatsidwa kwa yemwe waposa onse. Zonse pamodzi 21. Pamenepo ndinayamba kupempherera chinthu chomwe Mkhristu sayenera kupempherera: kuti munthu wanga wachikasu uja asachire msanga. Mpira wawo utayamba anali pa benchi, mtima wanga n'kukhala m'malo. Mphindi zinkapita. Zitatsala zochepa kwambiri kuti oyimbira amalize, ndinaona kamera ikuloza kumzere, munthu akuvula jekete. Analowa, anakhudza mpira mwina kawiri, mpira n'kutha. Pointi imodzi. Lundstram ndi 21 yake anatsala pomwepo, ndikumuona ndi maso koma osamukhudza. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo sindikudziwa ngati pali mwambi wina umene umalongosola benchi ya FPL kuposa umenewu.

Lamulo lake ndi losavuta koma lankhanza. Wa pa benchi amalowa pokhapokha ngati woyambayo sanaponde m'bwalo ngakhale mphindi imodzi. Akangolowa, ngakhale kuti angotaya nthawi, chitseko chatsekeka. N'chimodzimodzinso ndi kaputeni: wachiwiri wake amatenga udindo pokhapokha kaputeniyo akapanda kusewera n'komwe. Choncho wosewera woopsa kwambiri mu timu yako si amene wathyoka mwendo. Ameneyo amakhala ndi chizindikiro chofiira, ndipo umadziwa chochita naye. Woopsa ndi wachikasu uja, amene amamulembera kuti mwayi woti asewera ndi 75%, amene mphunzitsi wake amati tiona mmene adzukire. Ndipo kuyambira 2022, pomwe matimu analoledwa kusintha osewera asanu m'malo mwa atatu, anthu olowa kumapeto oterewa anachuluka.

Alamu anga amazinena m'njira ya kuntchito kwawo. Amati m'wodi munthu akhoza kukhala katswiri wotani, koma ngati dzina lake palibe pa ndandanda ya usiku umenewo, sangawathandize kutembenuza wodwala. Funso lawo loyamba pa wosewera aliyense si lakuti ndi waluso bwanji, koma lakuti alowa kodi, ndipo akhalamo mpaka liti. Poyamba ndinkaona ngati ndi maganizo a munthu wosadziwa mpira. Pano ndi funso langanso loyamba.

Mphindi 60 ndi malire enieni. Wosewera akatuluka isanakwane 60 amalandira pointi imodzi m'malo mwa ziwiri, ndipo ngati ndi wotchinga kumbuyo, mapointi anayi a kusagoletsedwa aja amamudutsa ngakhale timu yake itapanda kugoletsedwa. Msuweni wanga wa ku Joni amadziwa bwino za mphindi ya 59. Mu Febuluwale 2019 Manchester City inali ndi masewero awiri m'sabata imodzi, ndi Arsenal komanso Everton. Iye anatulutsa chida chomwe chimachulukitsa mapointi a kaputeni katatu, chomwe nthawi imeneyo unkachigwiritsa ntchito kamodzi kokha pachaka, n'kuchiika pa Leroy Sané. Mphunzitsi wa City, Pep Guardiola, anamukhazika Sané pa benchi mpira wonse wa Arsenal, pomwe Sergio Agüero ankachinya zitatu. Ku Everton anamuyambitsa, n'kumutulutsa pa mphindi ya 59. Pointi imodzi, kuchulukitsa katatu, mapointi atatu. Msuweni wangayo anazimitsa foni masiku awiri, mayi ake mpaka anandiimbira kufunsa ngati mwana wawo ali bwino ku Joniko. Chaka chotsatira, mu Januwale 2020, zinagweranso ena pa Sadio Mané wa Liverpool, amene anavulala chigawo choyamba ku Wolves n'kulephera kusewera mpira wachiwiri ndi West Ham. Koma za Mané zinali ngozi yoti palibe akanailosera. Za Sané zinali ndi chenjezo, chifukwa aliyense ankadziwa kuti Guardiola amasinthasintha anthu ngati malaya.

Chowawa n'chakuti umayenera kusankha usanaone ndandanda yeniyeni. Chitseko chimatsekedwa mphindi 90 mpira woyamba wa sabatayo usanayambe, pomwe matimu amalengeza oyamba awo kutatsala mphindi 75. Kusiyana kwake ndi mphindi 15 zokha, koma ndi dala. Ndiye timadalira zimene aphunzitsi amanena kwa atolankhani Lachinayi ndi Lachisanu, ndipo aphunzitsiwo si opusa kuti aululire adani awo mapulani. Ine ndinaphunzira kuyang'ana zinthu zina zosalankhula. Kodi timuyi inasewera Lachitatu ku Ulaya? Kodi ili ndi mpira waukulu Lachiwiri likubwerali? Kodi munthuyu pamalo ake pali wina womulimbirana? Mnyamata wamba wa timu yapakati, amene amasewera mphindi 90 sabata ndi sabata chifukwa palibenso wina, nthawi zambiri amandipatsa mtendere kuposa katswiri amene akugawana malo ndi katswiri mnzake.

Funso la mphindi likayankhidwa, pamabwera mkangano umene sudzatha pa gulu lathu: uyang'ane mmene munthu akusewerera masiku ano, kapena uyang'ane amene akukumana naye? Mkulu wotimeta uja ndi wa mbali yoyamba. Wina akangochinya ziwiri Loweruka, Lolemba amakhala atamugula kale, ngakhale zimudyere mapointi anayi. Paja sabata iliyonse umaloledwa kusintha munthu mmodzi mwaulere, ndipo ukapitirira zomwe wasunga, aliyense woonjezera amakudula 4. Timu yawo nthawi zonse imakhala yodzaza ndi zigoli za sabata yatha. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada, ndipo kanyenya wambiri amene ndadya zaka zimenezi ndi wa m'thumba mwawo.

Ine ndili chapakati, koma ndimagawa motere. Kwa otchinga kumbuyo ndi goloboyi ndimayang'ana mdani, chifukwa mapointi awo ambiri amachokera pa kusagoletsedwa, ndipo zimenezo zimadalira kwambiri amene akubwera kudzawaukira. Wotchinga wabwino amene akupita kukakumana ndi timu yochinya kwambiri, kwawo kwa timuyo, ndi munthu wa mapointi awiri, mwinanso imodzi, poti zigoli ziwiri zilizonse zikalowa amamuchotsera pointi. Kwa akutsogolo ndi apakati ndimayang'ana ntchito imene munthuyo wapatsidwa. Ndani amamenya penate? Ndani amamenya makona ndi mafirikiki? Ndani amaima pafupi ndi golo? Cole Palmer anayamba chaka cha 2023/24 pa mtengo wa 5.0 miliyoni ali wa pa benchi ku Manchester City. Atapita ku Chelsea anapatsidwa malo okhazikika ndi mapenate, n'kumaliza ndi zigoli 22. Amene anamuona msanga sanaone matsenga, anangoona kuti mnyamatayu tsopano akusewera mpira wonse ndipo penate ikapezeka mpira akumupatsa ndi iyeyo. Ine ndinachedwa naye milungu ingapo chifukwa ndinkati mtengo wake ukusonyeza kuti ndi wa pa benchi. Matenda omwe aja a Lundstram: kuyambitsa munthu chifukwa ndinamugula modula, ngati mmene timavalira nsapato yothina poti inadya ndalama zambiri.

Pa tsamba la masewerawa amapaka mitundu pa mpira uliwonse, wobiriwira kusonyeza wophweka, wofiira kusonyeza wovuta. Zimathandiza, koma mitunduyo sidziwa kuti timu ija yobiriwira yangosintha mphunzitsi ndipo yadzuka, kapena kuti yofiira ija otchinga ake atatu ali kuchipatala. Norwich ya Havertz inali yobiriwira ngati dimba la mpiru.

Kuyambira chaka cha 2025/26 anawonjezera lamulo lomwe lasintha kaganizidwe kanga pa otchinga kumbuyo. Tsopano wotchinga akakwanitsa ntchito zoteteza 10 mu mpira umodzi, monga kulanda mpira, kuutchinga, kuudukiza kapena kuuchotsa pangozi, amalandira mapointi awiri. Apakati ndi akutsogolo amafunika 12, ndipo kwa iwo amawerengeranso mipira yotola. Zotsatira zake n'zakuti chimunthu chachitali cha pakati pa otchinga, cha timu imene imakhalira kupanikizidwa, chikhoza kubwera ndi mapointi anayi ngakhale timu yake itagoletsedwa kamodzi. Kale munthu wotere ndinkangomutaya pa benchi akakhala ndi mpira wovuta. Pano mpira wovuta ndi umene umamupatsa ntchito yambiri, ndiye ndimayamba ndaganiza kawiri.

Pali kachinthu kena kamene anthu amakanyozera: ndondomeko ya pa benchi. Kupatula goloboyi, atatu enawo umawaika woyamba, wachiwiri, wachitatu, ndipo amalowa motsatira ndondomekoyo. Koma timu iyenera kukhala ndi otchinga kumbuyo osachepera atatu ndi wakutsogolo mmodzi. Ndiye ngati wayambitsa otchinga atatu okha, mmodzi n'kupanda kusewera, makina amadumpha wapakati wako wa pa nambala wani ngakhale atakhala ndi mapointi 15, n'kukatenga wotchinga amene ali kumapeto. Achimwene anga anakalipa tsiku lonse pa gulu kuti awabera, mpaka akazi awo anachita kuwawerengera lamulolo mokweza ngati kalata ya kukhoti.

Kwa ife kuno palinso msampha wa nthawi. Ku England amasintha mawotchi kumapeto kwa Okutobala ndi kumapeto kwa Malichi, ife sitisintha. Mpira woyamba wa Loweruka ukakhala wa 12:30 kwawoko, chitseko chimatsekedwa 12 koloko masana kuno m'miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala, koma kuyambira Novembala chimatsekedwa 1 koloko. Zimenezo sizivuta, umangopeza ola laulere. Chovuta ndi Epulo, pomwe ola lija limabwezedwa mwakachetechete iwe utazolowera 1 koloko. Ndiye pali masabata oyamba Lachisanu usiku, ndi ena a pakati pa sabata. Onjezani magetsi ndi bandulo. Tsiku lina ndinadzuka Loweruka ndi mapulani onse m'mutu, ndinapeza magetsi anazima usiku foni isanadzaze. Ndinathamangira pa msika kukatchajitsa, foni n'kuyaka bwinobwino, koma bandulo inali itatha. Pomwe ndimakanda kakhadi ka mayunitsi ndi chikhadabo, 12 koloko inali itadutsa ndi mphindi ziwiri. Kaputeni wanga anali munthu wovulala, wachiwiri wake analinso munthu amene ndinamuika mwezi wathawo n'kumuiwala. Kuyambira pamenepo, sabata ikangotha ndimakonzeratu timu ya sabata yotsatira tsiku lomwelo, kaputeni, wachiwiri wake ndi benchi, ngati kuti sindidzakhalanso ndi mpata. Ndikapeza mpata ndimakonzanso, ndikapanda kuupeza palibe chaonongeka kwambiri.

Disembala ndi Januwale ndi miyezi imene benchi imasiya kukhala chokongoletsera. Matimu amasewera masiku atatu alionse nthawi ya Khirisimasi, ndipo zaka za AFCON osewera a ku Africa amachoka milungu ingapo. Pamenepo amene anadzaza benchi ndi ana osasewera n'komwe pofuna kusunga ndalama amapezeka ndi anthu 9 m'bwalo. Ine ndimafuna awiri pa benchi amene ndikudziwa kuti amasewera sabata iliyonse, ngakhale akhale a mapointi awiriawiri. Wachitatuyo akhoza kukhala mtembo.

Za mtima ndanena kale, koma zili ndi nkhope ina. Patson Daka atapita ku Leicester mu 2021, theka la gulu lathu linamugula. Mwana wa kwa aneba, wa ku Zambia konkuno, ndani sakanafuna? Mu Okutobala chaka chomwecho anachinya United, kenako n'kukachinya zinayi ku Moscow mu Europa League, ife n'kumati taonani. Koma mu ligi malo anali a Jamie Vardy, ndipo Daka nthawi zambiri ankalowa mochedwa kapena osalowa. Alamu anga sanamugule. Anati amamufunira zabwino zonse, ndipo akachinya adzaimba nthungululu, koma ndandanda ndi ndandanda.

Chomaliza chomwe ndimayang'ana, ndipo ndimachita nacho manyazi pang'ono, ndi matimu a anzanga. Chitseko chikatsekedwa umatha kuona timu ya aliyense, ndiye umadziwa amene ali ndi ndani. Pali osewera ena oti pafupifupi aliyense ali nawo. Erling Haaland wa 2022/23, amene anachinya zigoli 36 mu ligi, anali wotero. Salah wa 2024/25, amene anasonkhanitsa mapointi 344, ochuluka kuposa wina aliyense m'mbiri ya masewerawa, analinso wotero. Munthu wotere akachinya sukwera, umangokhala pomwe uli, koma ukamusiya n'kuchinya umagwa ngati chikwakwa chadutsa. Ndiye ukakhala patsogolo mu kaligi, nzeru ndi kuyenda ndi gulu. Ukakhala kumbuyo ndi mapointi 60 ndipo kwatsala masabata asanu, kuyenda ndi gulu ndi kuvomera kugonja, uyenera kuyambitsa wina amene amene ali pamwambayo alibe. Cholakwa changa cha zaka zoyamba chinali kusewera mu Seputembala ngati munthu amene watsala ndi masabata asanu. Ndinkafuna kuoneka wanzeru, kuti Lolemba ndidzalembe pa gulu kuti ndinakuuzani. Kamodzi pa kasanu zinkatheka, ndipo kamodziko ndinkakakumbukira chaka chonse, kanayi kaja n'kuiwala.

Chaka chimodzi chitadutsa kuchokera pa minibasi ija, mayeso omwewo anabweranso. Pa 2 Okutobala 2022 United inkapita kwa Manchester City. Haaland anali atachinya kale zitatu kwa Crystal Palace ndi zitatu kwa Nottingham Forest, onse pabwalo lomwelo. Lachisanu usiku ndinakhala pakhonde ndi foni, ndikusaka chifukwa chomusiyira. Zifukwa zinalipo, zimapezeka nthawi zonse ukazifuna. Kenako ndinadzifunsa funso la alamu lija: akanakhala kuti akusewera ndi Arsenal, ndikanamusiya? Ndinadina pa Haaland, ndinazimitsa foni, ndinakagona ngati munthu amene wagulitsa mbuzi ya amayi ake.

Lamulungu tinaonera kunyumba, ine ndi mwana wanga wamwamuna amene nthawi imeneyo anali ndi zaka 7. Ndinamugulira ndekha jezi yofiira pa kaunjika, ndipo tsiku limenelo anaivala kuyambira m'mawa, mpaka anakana kuivula popita kutchalitchi. Phil Foden anachinya choyamba. Kenako Haaland ndi mutu. Kenako Haaland kachiwiri. Kenako Haaland n'kupatsira Foden. Pofika pa hafu inali 4-0, mwana ali chete, manja ali m'masaya. Mpira unatha 6-3, Haaland atachinya zitatu n'kupatsira ziwiri. Mapointi 23, kwa ine 46.

Chigoli chake chachitatu chitalowa ndinayesetsa kusunga nkhope ya pamaliro. Ndinapukusa mutu, ndinatukwana otchinga athu monga mwa mwambo. Koma dzanja linali litapita lokha m'thumba, ndipo ndinasuzumira pa foni pansi pa tebulo. Nditadzutsa mutu ndinapeza mwana akundiyang'ana, misozi ili m'maso.

"Adadi, mukusekerera chani?"

Ndinati sindikusekerera, ndi dzino likundiwawa. Anapitiriza kundiyang'ana kanthawi, kenako anatembenukira ku TV. Foni inanjenjemera m'dzanja langa. Anali alamu, pa gulu, mawu awiri okha: "Mwakula, alamu."